Alonda Oima Kumalire a Mudzi

Kum'mwera kwa India, m'chigawo cha Tamil Nadu, midzi yambiri ili ndi alonda amene salandira malipiro mwezi ukatha. Amaima kunja kwa mudzi, m'mbali mwa damu lothirira mpunga kapena m'kankhalango kakang'ono kamene munthu saloledwa kutemamo mtengo. Ndi akavalo oumbidwa ndi dothi, ondandalika mizeremizere, ena ofika m'chiuno, ena aatali kuposa denga la nyumba. Mwini akavalowo ndi Ayyanar. Anthu akumeneko amati dzuwa likalowa, aliyense atatseka chitseko, Ayyanar amakwera kavalo n'kumazungulira malire a mudzi pamodzi ndi asilikali ake, kuthamangitsa akuba, mizimu yoipa ndi matenda. N'chifukwa chake amam'patsa akavalo. Munthu woyenda usiku wonse sungam'patse mpando.

Ambirife tikamva za Chihindu timaganiza za akachisi aatali okongoletsedwa, za Shiva, Vishnu ndi Krishna, za ansembe a Chibrahmin owerenga mabuku akale m'chilankhulo cha Sanskrit, ndi za anthu osadya nyama. Zimenezo zilipo ndithu. Komanso Amwenye ambiri amene timawadziwa m'masitolo a ku Limbe makolo awo adachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndiye chithunzi chathu chimatsamira kumeneko. Koma pansi pa milungu ikuluikulu ija pali khamu la milungu ya m'midzi, imene m'Sanskrit amaitcha gramadevata, kutanthauza mulungu wa mudzi. Atamil alinso ndi mawu akuti kaval deivam, mulungu wolondera. Milungu imeneyi ilibe nazo ntchito zolenga dziko kapena za komwe munthu apita akafa. Ntchito yake ndi mvula, mliri, ng'ombe yosowa, mwana wotentha thupi, mlandu wa malire a munda. Ulamuliro wake umathera pa mwala wamalire, ndipo ukadumpha mwalawo walowa m'dera la mlonda wina.

Bishopu wa Anglican wa ku Madras, Henry Whitehead, adalemba buku lotchedwa The Village Gods of South India mu 1916. Bambowa ankayang'ana zinthuzi ndi maso a mmishonale, ndipo pena kunyansidwa kwawo kumaonekera poyera, koma maso anali nawo. Adaona zinthu zitatu zimene mpaka lero anthu ophunzira amavomereza: kuti yambiri mwa milunguyi ndi yaikazi, kuti imalandira nsembe zamagazi, ndiponso kuti ansembe ake kawirikawiri sakhala a Chibrahmin koma anthu wamba a m'mudzi momwemo. Nthawi zambiri mulunguyo sakhala ndi chifaniziro chosemedwa bwino. Ukhoza kupeza mwala chabe pansi pa mtengo, wopakidwa utoto wofiira, pambali pake atazika mkondo wa nsonga zitatu wobayidwa ndimu.

Wotchuka koposa onse ndi Mariamman. Dzinalo ambiri amalimasulira kuti mayi wa mvula, koma mbiri yake yaikulu idali pa nthomba. Apa ndi pamene nkhani imandikoka mtima. Mariamman ankateteza ku nthomba, koma nthombayo inalinso iye mwini. Munthu akatuluka zotupa zija, a pabanja sankanena kuti wadwala, ankati Amayi abwera. Zotupazo ankazitcha ngale zake. Wodwala ankagonekedwa pa masamba a nimu, pakhomo ankapachika masamba omwewo kuti odutsa adziwe, m'nyumba simunkakazingidwa chakudya cha mafuta, phokoso linali loletsedwa, ndipo wodwalayo ankam'patsa zakudya zoziziritsa thupi. Mlendo wolemekezeka, wosachedwa kupsa mtima, wafika pakhomo, ndiye mumusamale mpaka atanyamuka yekha. Kumpoto kwa India ntchito yomweyi ndi ya Sitala, amene dzina lake limatanthauza wozizira.

Munthu akhoza kuseka, koma taganizani bwino. Banja lopanda katemera, lopanda chipatala, likuyang'ana mwana amene mwina afa pasanathe masabata awiri. Mwambo uwu unkawauza chochita ola lililonse, unkachititsa kuti anthu asamangolowa m'nyumbamo, ndipo wodwala sankatayidwa ngati wotembereredwa chifukwa m'thupi mwake munali mulungu. Nthomba idagonja ndi katemera, pamenepo tisanamizane. Ku India wodwala womaliza adapezeka mu 1975, ndipo bungwe la WHO lidalengeza mu 1980 kuti matendawa atha padziko lonse. Koma Mariamman sadathe nawo. Katsabola ndi chikuku zidakalipo, chilala chidakalipo, ndipo kachisi wake wa ku Samayapuram, pafupi ndi mzinda wa Tiruchirappalli, ndi mmodzi mwa akachisi olandira anthu ndi zopereka zambiri m'chigawo chonsecho. Mliri wofalitsidwa ndi makoswe utavuta ku Coimbatore kudabadwa akachisi a Plague Mariamman. Mu 2021, korona ili pachimake, kachisi wina kufupi ndi mzinda womwewo adaika chifaniziro cha Corona Devi. Nyuzipepala zidaseka, koma ochita zimenezo ankatsata njira yakalekale: chimene chikukupha uchipatse dzina ndi pokhala, kuti upeze poyambira kukambirana nacho.

Ine Mariamman ndidakumana naye ku Durban. Zaka zimene ndinkagwira ntchito kumeneko ndinkachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya banja lina la Chitamil ku Chatsworth. Amalawi amene mudakhalako ku Chatsworth kapena ku Phoenix mukudziwa zimene ndikunena. Tsiku lina Lamlungu m'mwezi wa Ogasiti, kukuzizira, ndidadzuka n'kupeza bwalo ladzaza achibale, miphika ikuluikulu ili pamoto panja. Mayi a nyumbayo, amene tonse tinkangowaitana kuti Anti, adagogoda pakhomo panga.

"Mwanangu, tenga kapu yaikulu ubwere. Lero palibe wophika m'chipinda mwake."

"Kodi kuli ukwati, Anti?"

"Ayi, ndi phala la Amayi."

Linali phala la ufa wa chimanga, losasa, lozizira, lothiramo anyezi wodulidwa. Kulawa koyamba lilime lidakumbuka thobwa logona masiku awiri, kungoti ili linali lamchere. Pambali panali ndiwo za maungu, za kabichi, za masamba a cham'mwamba ndi nsomba zouma. Adapatsa aliyense, oyandikana nawo, ana odutsa mumsewu, ngakhale bambo wina wotola zitini amene adangoima pageti. Ndidafunsa kuti chifukwa chiyani phala lozizira m'nyengo yozizira chonchi. Anti adayankha kuti Amayi ndi otentha, amafuna kuziziritsidwa, ndipo agogo awo ankachita chimodzimodzi mwezi womwewu. Adabwerera kumiphika yawo, nkhani idathera pomwepo.

Mwezi umenewo pa kalendala ya Chitamil ndi Aadi, umene umayamba pakati pa Julaye n'kutha pakati pa Ogasiti. Ku Tamil Nadu phalalo amalitcha koozh ndipo amaphika ndi mawere. Lidafika ku Natal ndi anthu amene adatengedwa pa kontrakiti kukalima nzimbe. Sitima yoyamba, Truro, idakocheza ku Durban mu Novembala 1860 kuchokera ku Madras, ndipo pofika 1911 anthu oposa 150,000 anali atawoloka nyanja, ambiri mwa iwo olankhula Chitamil ndi Chitelugu. Anali anthu osauka a m'midzi, ndipo milungu imene adanyamula inali yomwe ankaidziwa kwawo. Mawere atasowa adaphika ndi chimanga. Tchuthi chachitali chimene mabwana a minda ankapereka chinali cha Pasaka, ndiye mpaka lero chikondwerero chachikulu pa kachisi wa Mariamman ku Isipingo chimachitika Lachisanu Loyera. Mulungu amene mphamvu zake zinkathera pa mwala wamalire adakwera sitima, n'kuphunzira kudya mgaiwa ndi kutsata kalendala ya Akhristu. Ana ambiri a m'banja lija Chitamil sankachilankhula n'komwe, koma phala lokha sankaphonya.

Tibwerere kwa Ayyanar, chifukwa pakhomo pake pali chinthu china chofunika kuchiona. Iye ndi wosiyana ndi anzake: ndi wamwamuna, amakhala pansi modekha pakati pa akazi ake awiri, Purna ndi Pushkala, ndipo sadya nyama. Amalandira mpunga wophikidwa ndi mkaka, nthochi ndi kokonati. Koma pafupi naye pamaima Karuppasamy, wakuda, wa ndevu zopotana pamwamba pa mlomo, maso ali tong'o, chikwanje chili m'mwamba. Ameneyu amafuna mbuzi, tambala, mowa ndi ndudu. Tsiku la nsembe likafika, m'malo ambiri amatchinga nsalu pamaso pa Ayyanar kuti asaone magazi, kenako mbuzi imaphedwa kwa Karuppasamy. Bwana sadya nyama ndipo saona kupha, koma ntchito ya usiku imagwiridwa ndi wantchito wake wodya nyama. Katswiri wa ku France, Louis Dumont, adalemba za kachisi wotereyu ndipo adati ndi chithunzi cha mudzi weniweniwo: a pamwamba amene amadzitcha oyera, ndi a pansi amene amagwira zodetsa kuti a pamwambawo akhalebe oyera. Mwina Dumont adakonza zinthu mwadongosolo kuposa momwe zilili, paja anthu a mabuku amakonda mizere yowongoka. Koma nsalu ija ndi yeniyeni, ndipo ine ndikaiganiza ndimakumbuka nyumba zambiri zimene ndidagwirako ntchito.

Chodabwitsa n'chakuti anthu amaopa wantchitoyo kuposa bwana wake. Pa kachisi wamkulu wa Alagar Kovil, kunja kwa Madurai, mwini malo ndi Vishnu, koma pachipata pali Karuppasamy wa masitepe 18. Alibe chifaniziro. Pali chitseko chachikulu chotseka, chopakidwa mafuta onunkhira, ndipo anthu amapembedza chitsekocho. Anthu awiri akakangana za ngongole kapena za malo, mmodzi akhoza kuuza mnzake kuti tiye ukalumbire pamaso pa Karuppu. Amati munthu amene anganame m'khoti osaphethira amafika pamenepo miyendo ikunjenjemera. Pa zikondwerero za m'midzi mlondayu amalankhulanso. Amagwira munthu mmodzi, amene amavina, kubwebweta ndi kuyankha mafunso a anthu, nthawi zina ataima pa mpeni wa chikwanje chogwiridwa ndi amuna awiri. Mayi wosauka amene sangafike kwa bwanamkubwa akhoza kuima pamaso pa mulungu n'kumufunsa maso ndi maso chifukwa chake mwana wake sakuchira, mwinanso kumukalipira kumene.

Nanga alonda amenewa amachokera kuti? Ambiri adali anthu, ndipo ambiri adafa imfa yoipa. Stuart Blackburn, amene adafufuza nyimbo zamwambo za kum'mwera kwenikweni kwa Tamil Nadu, adaonetsa kuti chimene chimasandutsa munthu kukhala mulungu m'miyambo iyi kawirikawiri ndi imfa yachiwawa, yosayenera, yodula moyo pakati. Khalidwe lake labwino silikhala nkhani kwenikweni. Chitsanzo chodziwika ndi Madurai Veeran. Nthano yake imati adaleredwa ndi banja la osoka zikopa, anthu amene ankaonedwa ngati osayenera kukhudzidwa. Adathawitsa Bommi, mwana wa mfumu. Adakhala msilikali wamphamvu, ndipo mfumu Thirumalai Nayak, imene idalamulira Madurai kuyambira 1623 mpaka 1659, idamutuma kukathana ndi achifwamba ovutitsa mzindawo. Adapambana. Kenako adakondana ndi Vellaiyammal, wovina wa kunyumba ya mfumu, ndipo adagwidwa n'kudulidwa dzanja la mbali ina ndi mwendo wa mbali inayo. Mzinda umene udamupha ndi womwe udamuimika pachipata kuti aziulondera.

Nthanoyo imanenanso kuti kwenikweni Veeran adali mwana wa mfumu wotayidwa m'tchire ali khanda. Olemba ambiri a gulu la Dalit amakana mbali imeneyi. Amati idawonjezedwa pambuyo pake ndi anthu amene sakadapirira kugwadira mwana wa wosoka zikopa, kapena kuvomera kuti munthu wotere adakwatira mwana wa mfumu. Ine ndili kumbali yawo. Nkhani zotere timazidziwa: wosauka akachita zazikulu, pamapezeka wina wofukula kuti agogo ake adali a kubanja lachifumu. Kanema wa moyo wake adatuluka mu 1956, ndipo amene adasewera ngati Veeran ndi M. G. Ramachandran, yemwe pambuyo pake adakhala nduna yaikulu ya Tamil Nadu.

Wowerenga wa ku Nsanje pofika apa waganiza kale za Mbona, amene adaphedwa ndi adani ake, mutu wake n'kuikidwa ku Khulubvi, ndipo kuyambira pamenepo anthu a m'chigwa cha Shire akhala akupita kumeneko kukapempha mvula. Kufananako kulipo, ndipo nkhalango zosatemedwa za Ayyanar zimakumbutsa mitengo ya kumanda kwathu, imene imatsala yokha pamene phiri lonse lametedwa. Akatswiri a zomera ku Tamil Nadu amapita m'tinkhalango ta akachisi timeneti kukaona mitengo yachilengedwe imene kwina konse m'mphepete mwa nyanja idatha. Koma ndisapitirire nazo, kuopa kuveka anthu a eni malaya athu. Kwathu kulibe caste, dongosolo lija loti munthu amabadwira m'gulu lokhala ndi ntchito yake ndi ulemu wake, ndipo sangatulukemo mpaka kufa. Ku India nkhani ya milungu ya m'midzi siyenda popanda limenelo.

Taonani za woumba akavalo uja. Amachokera m'gulu la oumba mbiya, a Velar, ndipo m'midzi yambiri iye yemweyo ndiye wansembe wa Ayyanar. Mudzi ukasonkha ndalama, kapena banja likalonjeza kavalo chifukwa mwana wachira, woumbayo amatenga dothi la m'damu, kulisakaniza ndi mankhusu ndi mapesi a mpunga, n'kuyamba ndi miyendo inayi yoboola mkati ngati mitsuko. Amakweza pang'onopang'ono, kudikira kuti pansi paume asanawonjeze pamwamba. Kavalo wamkulu kwambiri amawotchedwa pamalo pomwe waumbidwira. Tsiku la chikondwerero amuna amanyamula akavalowo pamapewa, ng'oma zikulira, kudutsa m'mudzi mpaka kukachisi. Chomaliza ndi kutsegula maso: woumba amajambula kadontho ka diso, ndipo kuyambira pamenepo chinthucho chaleka kukhala dothi. Akavalo akale sakonzedwa. Amasiyidwa kuti mvula ndi mizu ziwaphwanye, atsopano n'kuima patsogolo pawo.

Masiku ano ambiri akumanga akavalo a simenti opakidwa penti wowala, oti akhale zaka. Simenti ikalowa, woumba mbiya ntchito yamuthera. Kachisi akalemera, kawirikawiri pamabwera wansembe wa Chibrahmin, mapemphero amasanduka a Sanskrit, mbuzi imalowedwa m'malo ndi dzungu lopakidwa zofiira, ndipo mulungu wa mudzi amalengezedwa kuti ndi mkazi wa Shiva kapena mwana wake. Katswiri wa ku India, M. N. Srinivas, adatcha kusintha kotereku Sanskritisation m'buku lake la 1952 lonena za anthu a ku Coorg: a pansi kutengera makhalidwe a a pamwamba kuti akwere. Mulungu amakwera, inde. Koma banja limene lidamutumikira mibadwomibadwo limapezeka laima kunja kwa mpanda.

Boma nalo lidayesapo. Ku Tamil Nadu kunali lamulo la 1950 loletsa kupha nyama ndi mbalame m'malo opembedzera, koma linkangogona m'mabuku. Mu 2003 nduna yaikulu, Jayalalithaa, idalamula akuluakulu a maboma ndi apolisi kuti alitsate. Anthu adamangidwa chifukwa cha mbuzi ndi atambala. Okonda nyama adaombera m'manja, ndipo chifundo chawo sindichinyoza. Koma anthu a m'midzi adafunsa funso lovuta kuyankha: mbuzi yomweyo ikaphedwa kubutchala palibe mlandu, bwanji ikaphedwa pamaso pa mulungu wathu, n'kudyedwa ndi mudzi wonse, ukhale mlandu? Adaona kuti chimene chikuletsedwa ndi kapembedzedwe ka anthu a pansi. Mkwiyo udakula, ndipo kumayambiriro kwa 2004, chisankho chili pafupi, boma lomwelo lidafafaniza lamulolo.

Ndikadakonda kuimira pamenepa, anthu wamba atapambana. Koma milungu ya m'midzi si ya osauka onse mofanana. Mawu akuti mudzi wonse amabisa zambiri. M'midzi yochuluka a Dalit amakhala kudera lawolawo kunja kwa mudzi, ali ndi tiakachisi tawo, ndipo pa chikondwerero chachikulu ntchito yawo yakale inali kuimba ng'oma ndi kuchotsa nyama zakufa, osati kulowa m'kati. Amene amawatsekereza pakhomo nthawi zambiri si a Brahmin, koma alimi a magulu apakati, omwe aja amene adamenyera ufulu wopereka mbuzi. Amene amalandira ulemu woyamba pa chikondwerero, amene amanyamula kavalo woyamba, msewu umene gulu lidutse, zonsezi ndi ndale za mudzi, ndipo anthu amavulazana chifukwa cha zimenezi.

Ku Melpathi, m'boma la Villupuram, kuli kachisi wa Draupadi Amman, yemwe kumeneko amapembedzedwa ngati mayi woteteza mudzi. Mu Epulo 2023 mnyamata wa Chidalit adalowa kukapemphera nthawi ya chikondwerero ndipo adamenyedwa pamodzi ndi abale ake. Akuluakulu a boma adaitanitsa zokambirana kangapo, osamvana. Mu Juni chaka chomwecho adatseka kachisiyo n'kumata chidindo pachitseko. Mu 2024 khoti lalikulu la Madras lidalola kuti wansembe yekha azilowa kukachita mapemphero a tsiku ndi tsiku, anthu onse ali kunja. Pamene a Dalit a m'mudzimo adalowa mu Epulo 2025, adadutsa pakati pa mizere ya apolisi.